Kutsegula m'mimba kobwerabwera chifukwa cha C. diff, zoyenera kuchita kwa akulu ndi ana

Pali kutsegula m'mimba kwina kovutitsa chifukwa kumanamiza. Munthu wamwa mankhwala masiku 10, kwasiya, wayamba kudya bwinobwino mpaka wabwerera kuntchito, nde pakangotha sabata imodzi kaya masabata atatu basi kwayambiranso, fungo lomwe lija, kupotokola komwe kuja, usiku kudzuka kanayi kasanu kuthamangira kutoileti. Apa ambiri amaganiza kuti mankhwala oyamba aja anali ofooka nde amakasaka ena amphamvu, kaya cipro kaya amoxicillin amene anatsala mnyumba, osadziwa kuti akungosonkhezera moto. Kachilombo kodziwika kwambiri ndi khalidwe limeneli dzina lake ndi Clostridioides difficile, madokotala amangoti C. diff, mabuku olembedwa chisanafike chaka cha 2016 amati Clostridium difficile koma ndi kamodzimodzi.

Kuti masitepe ali mmusiwa amveke, dziwani kaye ichi. M'matumbo mwa munthu wathanzi mumakhala mabakiteriya abwino ochuluka zedi, amadzaza malo onse moti C. diff olo italowa imasowa pokhala. Munthu akamwa ma antibayotiki chifukwa cha matenda ena, chibayo kaya chilonda kaya matenda a mchikhodzodzo, mankhwalawo sasankha, amapha oipa ndi abwino omwe. Zimakhala ngati munda umene wapsa wonse, choyamba kumera ndi namsongole. C. diff imaswana, imatulutsa poizoni wa mitundu iwiri, toxin A ndi toxin B, ndipo poizoniyu ndi amene amatupitsa thumbo lalikulu munthu nkumatsegula. Tsono vuto lagona apa, mankhwala ochiza C. diff nawonso ndi ma antibayotiki. Amapha imene ikukula koma timbewu take sakutikhudza, timbewu timeneti tili ndi chigoba cholimba ndipo timatha kukhala phee m'matumbo kapena pachogwirira cha chitseko kwa miyezi. Mankhwala akatha munda ukadali mbee, timbewu timamera. Nchifukwa chake mwa anthu 5 kapena 6 amene adwala koyamba, mmodzi imamubwerera, ndipo ikangobwerera kamodzi chiopsezo choti ibwererenso chimakwera kufika pa anthu 40 mwa 100 alionse, ikamabwerezabwereza mpaka cha mma 60. Nde ntchito si kupha kachilombo kokha ayi, ntchito ndi kupatsa mpata mabakiteriya abwino kuti abwerere pamalo pawo timbewu tija tisanamere.

Sitepe 1. Tsimikizani kaye kuti ndi C. diff yomweyo

Si kutsegula kulikonse kobwerera komwe kuli C. diff. Giardia amachita chimodzimodzi, amoeba, ma virus, matenda otupitsa matumbo monga ulcerative colitis ndi Crohn's, ngakhale mankhwala ofewetsa chimbudzi amene munthu waiwala kuti akumwa. Palinso china chimene odwala sakonda kumva, matumbo akavulazidwa ndi C. diff amatha kukhala osakhazikika kwa masabata kapena miyezi kachilombo katatha kale, chimbudzi chofewa kawiri patsiku, mpweya, mmimba kumangolira, koma si matenda aja. Ukamwera vancomycin, antibayotiki wochizira C. diff, zimenezi ukungowononganso mabakiteriya abwino amene anayamba kuphukira.

Muyeso umene madokotala amayendera ndi uwu: chimbudzi chamadzi katatu kapena kupitirira pa maola 24, ndipo zabwera mkati mwa masabata 8 kuchokera pa matenda oyamba aja, ena amawerenga mpaka masabata 12. Zikafika apo perekani sampulo kulabu. Ikhale yamadzi, yolimba amaibweza ndipo akulondola. Ifike mwachangu chifukwa poizoni uja amaonongeka akakhala pofunda, pakangotha maola awiri akhoza kusapezekanso, mukaona kuti muchedwa iikidwe pozizira.

Funsani kuti ayeza ndi njira yanji. PCR imaona ngati kachilombo kokhala ndi mphamvu yotulutsa poizoni kalipo, pamene toxin test imaona poizoni weniweniyo. PCR imatha kuonetsa kuti kalipo kwa masabata ambiri munthu atachira kale, nde PCR payokha kwa munthu amene anadwala mwezi watha siikuuzani zambiri, malabu ambiri amaphatikiza njira ziwiri pachifukwa chomwechi. Ndipo chonde musamakayezetse kuti muone ngati mwachira. Kuchira kumadziwika ndi chimbudzi kubwerera mwakale, osati ndi pepala la kulabu. Anthu ambiri amamwa kosi yachiwiri yosafunika chifukwa choyezetsa ali bwinobwino.

Lembani pakapepala kapena mufoni tsiku limene matenda oyamba anayamba, dzina la mankhwala amene munamwa, masiku angati, tsiku limene munamaliza, ndi tsiku limene kwayambiranso. Zikuoneka zazing'ono koma chisankho chonse cha dokotala chidalira pamenepo, kubwerera koyamba ndi kwachitatu sachiza mofanana.

Sitepe 2. Madzi, pompano, musadikire zotsatira

Chimene chimagwetsa munthu msanga ndi kutha madzi mthupi. ORS wa mpaketi ndiye wabwino, sungunulani mmadzi aukhondo molingana ndi mmene alembera papaketipo, osachepetsa madzi poganiza kuti akhala wamphamvu. Ngati palibe, lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, masipuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Wamkulu amwe mmene angathere akangochoka kutoileti. Mwana wosafika zaka 2 apatsidwe 50 mpaka 100 ml pa chimbudzi chamadzi chilichonse, wa zaka 2 mpaka 10 apatsidwe 100 mpaka 200 ml, pang'onopang'ono ndi sipuni, akasanza dikirani mphindi 10 muyambirenso mosathamanga. Woyamwa apitirize kuyamwa, kuposanso masiku onse. Zakumwa zotsekemera kwambiri za mbotolo zimaonjezera kutsegula. Amene ali ndi vuto la mtima kapena impso afunse kaye kuchuluka kwa madzi oti amwe.

Kudya musasiye, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Ena mkaka umawavuta kwa kanthawi matumbo akavulala, ngati mukuona choncho upumitseni masabata angapo, si zamuyaya.

Koma zikafika apa siyani zonse thamangani kuchipatala olo usiku: mimba yafufuma ndipo yauma gwa, kupweteka kwakukulu, thupi latentha kwambiri, magazi mchimbudzi, mtima kuthamanga, chizungulire mukaimirira, mkodzo wasowa, munthu wayamba kuyankhula zosamveka, kusanza chilichonse. Ndipo ichi mvetsetsani bwino chifukwa chimapusitsa, kutsegula kukasiya mwadzidzidzi koma mimba ikukulirakulira ndipo munthu akuoneka wodwalitsa, sikuchira kumeneko, thumbo lasiya kugwira ntchito ndipo likhoza kuphulika. Kwa mwana onjezerani maso kulowa, liwombo kulowa, kulira popanda misozi, thewera kukhala louma nthawi yaitali, kulefuka mpaka kulephera kuyamwa kapena kumwa. Kuchipatala ayeza magazi, maselo oyera akafika 15,000 kapena creatinine, muyeso wa mmene impso zikugwirira ntchito, akapitirira 1.5 mg/dL amawerenga kuti matenda akula. Pamene BP yagwa kapena thumbo laima amapereka vancomycin wochuluka, 500 mg kanayi patsiku, pamodzi ndi metronidazole wa mudiripi, ndipo madokotala a opaleshoni amaitanidwa kuti akhale pafupi.

Sitepe 3. Tulutsani mankhwala onse muike patebulo

Onse, a kuchipatala, ogula nokha, azitsamba, a BP, a chilungulira. Pitani nawo kwa dokotala muwadutse limodzi limodzi.

Antibayotiki amene anayambitsa vutoli ngati mukumwabe, funso loyamba ndi loti kodi angasiyidwe. Odziwika kwambiri poyambitsa C. diff ndi clindamycin, gulu la ciprofloxacin ndi levofloxacin, gulu la ceftriaxone, komanso amoxicillin makamaka wophatikiza ndi clavulanate, ngakhale kunena zoona pafupifupi antibayotiki aliyense akhoza. Ngati matenda enawo sanathe ndipo simungasiye, dokotala akhoza kusintha nkukupatsani wina wosasesa kwambiri matumbo. Musasiye nokha mankhwala a TB kapena a matenda ena aakulu, kambiranani.

Omeprazole ndi anzake ochepetsa asidi m'mimba, anthu ambiri amamwa zaka osadziwanso kuti anayambira chani. Kafukufuku wambiri wapeza kuti omwa mankhwalawa C. diff imawagwira ndi kuwabwerera kwambiri. Ngati pali chifukwa chenicheni, monga zilonda zam'mimba zimene zinatulutsapo magazi, pitirizani, koma ngati ndi chizolowezi chabe ino ndi nthawi yofunsa ngati mungasiye.

Loperamide, uja woimitsa kutsegula, musamwe mwa inu nokha ndipo mwana musamupatse nkomwe. Amaimitsa matumbo poizoni nkutsekeredwa mkati. Mankhwala ofewetsa chimbudzi asiyeni. Cholestyramine, mankhwala otsitsa mafuta mmagazi, amamata vancomycin m'matumbo nkumulepheretsa kugwira ntchito, nde ngati mumamwa nenani.

Sitepe 4. Mankhwala oyenera, ndi kamwedwe koyenera

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene zinthu zimasokonekera kwambiri. Madozi ndikulembawa ndi a mu malangizo a mabungwe a madokotala a matenda opatsirana a ku America, IDSA ndi SHEA, a 2017 amene anakonzedwanso mu 2021, ndawalemba kuti muzitha kutsatira zimene dokotala akunena ndi kufunsa mafunso oyenera, osati kuti mukadzilembere nokha.

Mankhwala alipo atatu. Metronidazole, ambiri amamudziwa kuti Flagyl, ndi wakale ndipo amapezeka paliponse, koma kwa akulu anatsitsidwa, pano amangogwiritsidwa ntchito pa matenda oyamba osakula kwambiri pamene enawo palibe, 500 mg katatu patsiku masiku 10 mpaka 14. Pa matenda obwerera si wodalirika, komanso kumubwereza kambirimbiri kumaononga mitsempha, munthu amayamba dzanzi ndi kubaya mmapazi ndi mmanja, pena osachokanso. Nde ngati munamwa Flagyl koyamba ndipo zabwerera, ndiye akukupatsaninso Flagyl kachiwiri, kachitatu, funsani mwaulemu ngati pali njira yopezera vancomycin. Ndipo pomwa Flagyl mowa ayi, mpaka patadutsa masiku awiri atatu mutamaliza.

Vancomycin ayenera kukhala wakumwa. Ndibwereze, wakumwa. Vancomycin wa mudiripi safika mkati mwa thumbo mmene muli kachilomboka, sathandiza olo pang'ono pa C. diff. Ubwino wa wakumwa ndi woti salowa kwenikweni mmagazi, amangoyenda m'matumbo nkukagwira ntchito pamalo pomwepo. Kumene makapisozi kulibe, a famase ya chipatala amatha kusungunula ufa wa jakisoni uja nkuupereka kuti munthu azimwa, imeneyi ndi njira yodziwika, si yachinyengo. Dozi yanthawi zonse ndi 125 mg kanayi patsiku masiku 10.

Fidaxomicin ndi watsopanoko, 200 mg kawiri patsiku masiku 10. Pochiza amafanana ndi vancomycin koma sasesa kwambiri mabakiteriya abwino nde matenda sabwerera kawirikawiri, nchifukwa chake malangizo a 2021 anamuika patsogolo. Vuto ndi wodula ndipo maiko ambiri sapezeka.

Tsono kwa wamkulu amene zamubwerera koyamba, mfundo ndi yoti musabwereze ndendende zimene zalephera. Ngati koyamba anamwa metronidazole, tsopano vancomycin masiku 10 akhoza kukwanira. Ngati koyamba anamwa vancomycin masiku 10, tsopano fidaxomicin, kapena vancomycin wotsitsa pang'onopang'ono. Kutsitsaku kumayenda chonchi mwachitsanzo: 125 mg kanayi patsiku masiku 10 mpaka 14, kenako kawiri patsiku sabata imodzi, kenako kamodzi patsiku sabata imodzi, kenako kamodzi pa masiku awiri kapena atatu alionse kwa masabata 2 mpaka 8. Ambiri akafika gawo lomalizali amaona ngati masewera, piritsi limodzi pa masiku atatu lingachite chani, nde amasiya. Koma nzeru yonse ili pomwepo. Masiku opumira aja timbewu timaona ngati ngozi yatha timamera, dozi yotsatira imapeza tatuluka mchigoba nkutipha, ndipo pakatipo mabakiteriya abwino akupeza mpata wobwerera. Ndi msampha. Ukasiya pakati wautchera koma sunakaonjole.

Fidaxomicin nayenso ali ndi kamwedwe kotalikitsa, kawiri patsiku masiku 5 oyamba, kenako kamodzi modumphitsa tsiku kuyambira tsiku la 7 mpaka la 25. Mapiritsi ndi 20 omwewo, angomwazidwa pa nthawi yaitali.

Tengani kalendala mulembe dozi iliyonse pa tsiku lake, muzichonga mukamwa, ikani alamu mufoni, chifukwa za kumwa kamodzi pa masiku atatu palibe amene angazisunge mmutu kwa miyezi iwiri. Kusintha kumayamba kuoneka pofika tsiku lachitatu mpaka lachisanu, chimbudzi sichilimba tsiku limodzi koma maulendo akutoileti azichepa. Ngati pofika apo zikuipiraipira bwererani.

Zikabwerera kachiwiri kapena kupitirira, njira ndi zomwezi, fidaxomicin kapena vancomycin wotsitsa, kuonjezerapo ina ya vancomycin masiku 10 motsatiridwa ndi rifaximin 400 mg katatu patsiku masiku 20. Ndipo apa mpamene nkhani ya sitepe yotsatira iyenera kuyambika.

Za ma probiotic, ndinene mosabisa, amatsatsidwa kwambiri kuposa mmene umboni wake ulili. Pa kuchiza C. diff yobwerera umboni ndi wofooka, ndipo bungwe la madokotala a zam'mimba la ACG mu 2021 linalangiza kuti asagwiritsidwe ntchito popewa kubwereraku. Kwa munthu amene chitetezo chatsika kwambiri kapena ali ndi paipi yolowa mumtsempha waukulu, yisiti wa Saccharomyces boulardii amatha kulowa mmagazi nkudwalitsa. Asalowe mmalo mwa mankhwala enieni.

Sitepe 5. Zikakana ndithu, kubzala mabakiteriya a munthu wina

Inde, ndi zimene mukuganizazo. Amatenga chimbudzi cha munthu wathanzi amene wayezedwa mokwanira, amachikonza kulabu, nkuchiika m'matumbo mwa wodwala kudzera kumusi, kapena papaipi ya mphuno, kapena mmakapisozi omeza. Amati FMT. Munthu akamva koyamba amachita nseru, koma amene watsegula miyezi isanu ndi umodzi sachedwa kuvomera. Ngati vuto ndi munda wopanda kanthu, apa akubzalamo mbewu yonse kamodzi.

Si zachilendo. Dokotala wa opaleshoni Ben Eiseman ku Denver anachiza nazo odwala anayi mu 1958. Kafukufuku amene anasintha maganizo a madokotala ambiri anachitikira ku Amsterdam nkusindikizidwa mu 2013, odwala 13 mwa 16 anachira atangolandira kamodzi, ataonjezera kachiwiri kwa otsalawo anafika 15 mwa 16, pamene mwa omwa vancomycin yekha anachira ndi 4 mwa 13. Kusiyana kunakula moti kafukufukuyo anamuimitsa asanathe. Malangizo ambiri amati aganiziridwe munthu zikamubwerera kawiri, kutanthauza kuti wadwala katatu, atamwa mankhwala oyenera. Kawirikawiri amayamba ndi vancomycin, nkusiya tsiku limodzi kapena awiri asanabzale. Ku America bungwe loona za mankhwala la FDA linavomereza mankhwala awiri opangidwa mwanjira imeneyi, Rebyota mu 2022 wolowetsa kumusi ndi Vowst mu 2023 wa makapisozi, onse a anthu a zaka 18 kupita mtsogolo.

Koma musayese kunyumba. Pa intaneti pali anthu ophunzitsa kuchita zimenezi ndi chimbudzi cha mbale wako, ndi zoopsa. Mu 2019 FDA inachenjeza odwala awiri a chitetezo chochepa atatenga E. coli wosamva mankhwala kuchokera kwa wopereka amene sanayezedwe kachilombo kameneko, mmodzi anamwalira, ndipo zimenezo zinachitikira mchipatala. Nanga kubafa kwanu, kopanda kuyeza HIV, hepatitis ndi zina zonse?

Sitepe 6. Kwa ana zinthu zimasiyana

Choyamba, makanda ambiri amakhala nayo C. diff m'matumbo osadwala konse. Ndipotu kachilomboka anakapeza koyamba mu 1935 Ivan Hall ndi Elizabeth O'Toole mchimbudzi cha makanda athanzi, anakatcha difficile chifukwa kanali kovuta kumeretsa mulabu, ndipo zoti ndi kamene kamatupitsa matumbo a anthu omwa ma antibayotiki zinadzatsimikizika mu 1978. Nde mwana wosakwana chaka akamatsegula, kumuyeza C. diff nkungodzisokoneza, ipezeka koma mwina wolakwa ndi rotavirus kapena china. Malangizo amati osakwana miyezi 12 asamayezedwe mwachizolowezi, a chaka chimodzi mpaka ziwiri ayezedwe pokhapokha zifukwa zina zafufuzidwa nkusowa. Kuyambira zaka 2 amayezedwa ngati kutsegula kukupitirira ndipo pali chifukwa, monga anamwa ma antibayotiki posachedwa, anagonekedwa mchipatala, ali ndi khansa, amadyera papaipi kapena ali ndi matenda otupitsa matumbo.

Kwa ana metronidazole akadali ndi malo. Pa matenda oyamba kapena kubwerera koyamba, ngati sanakule, amapereka metronidazole 7.5 mg pa kilo iliyonse katatu kapena kanayi patsiku osapitirira 500 mg pa dozi, kapena vancomycin 10 mg pa kilo kanayi patsiku osapitirira 125 mg pa dozi, masiku 10. Mwachitsanzo mwana wa makilo 12 vancomycin wake ndi 120 mg, wa makilo 20 masamu akupereka 200 koma amaima pa 125. Nchifukwa chake mwana akwere sikelo tsiku lomwelo, osangoyerekeza ndi zaka, mwana amene watsegula masabata atatu watsika thupi. Matenda akakula ndi vancomycin basi. Zikabwerera kachiwiri metronidazole achoke, apite pa vancomycin wotsitsa pang'onopang'ono uja. Fidaxomicin anavomerezedwa ndi FDA mu 2020 kwa ana a miyezi 6 kupita mtsogolo ndipo alipo wamadzi. FMT imachitikanso kwa ana mzipatala za akatswiri.

Metronidazole ndi wowawa zedi, ana amalavula, nde yezani ndi sirinji ya mankhwala osati sipuni yakukhitchini, muzithira pang'onopang'ono chakutsaya, akasanza pompo funsani namwino ngati mubwereze. Zinc amene WHO imalangiza pa kutsegula kwa ana aang'ono, sachiza C. diff koma mufunseni dokotala za iye. Mwana amene C. diff ikumangomubwerera popanda chifukwa chooneka, makamaka ngati pali magazi mchimbudzi ndipo sakukwera sikelo, afufuzidwe ngati alibe matenda otupitsa matumbo, pena C. diff imakhala chizindikiro chabe cha vuto lina lobisala. Kusukulu kapena kumkaka abwerere patatha maola 48 kutsegula kutasiya.

Sitepe 7. Nyumba

Ena amachira bwinobwino nkudzatenganso timbewu tawo tomwe pampando wa toileti. Sanitaiza wa mmanja uja sapha timbewu ta C. diff, olo mutadzola botolo lonse. Sopo nayenso satipha koma amatikokolola, nde sambani ndi sopo ndi madzi oyenda, kutikita bwinobwino pakati pa zala ndi mzikhadabo masekondi osachepera 20, pochoka kutoileti, mukasintha thewera, musanagwire chakudya. Chopukutira mmanja aliyense chake.

Chimene chimapha timbewu ndi klorini, jiki amene. Muyeso umodzi wa jiki pa miyeso 9 ya madzi, wosakaniza tsiku lomwelo chifukwa akagona amatha mphamvu. Tsukani kaye ndi sopo kuchotsa zoipa zooneka, kenako pakani jiki musiye panyowe mphindi 5 mpaka 10 musanapukute. Mpando wa toileti, chogejemulira, mipopi, zogwirira zitseko, maswitchi, poti wa mwana, malo osinthira thewera. Valani magolovesi, tsegulani mawindo, ndipo musasakanize jiki ndi mankhwala ena otsukira, mpweya wake ndi woopsa. Tsekani chivindikiro musanagejemule. Foni musalowe nayo kutoileti, ndikudziwa kuti nzovuta. Ngati matoileti alipo awiri wodwala akhale ndi yake. Zovala zamkati, zofunda ndi mathaulo a wodwala zichapidwe pazokha ndi madzi otentha. Wodwala azisamba thupi lonse tsiku ndi tsiku chifukwa timbewu timakhalanso pakhungu, ndipo timapitiriza kutuluka ngakhale kutsegula kutasiya, nde ukhondowu upitirire masabata angapo.

Abale a mnyumba amene ali bwino safunika kuyezedwa kapena kumwa mankhwala. Osamala nawo kwambiri ndi agogo opitirira zaka 65, amene chitetezo chatsika, ndi aliyense amene akumwa ma antibayotiki panthawiyo.

Sitepe 8. Tsiku limene mudzafunikenso antibayotiki

Lidzafika, ndipo apa mpamene ambiri amagwanso. Matumbo amatenga miyezi kuti abwerere mwakale, ndipo chiopsezo chimakhala chachikulu pamene munthu akumwa antibayotiki ndi mwezi wotsatira, nkupitirirabe mpaka cha mmiyezi itatu. Chimfine, kukhosi koyabwa, chifuwa cha ma virus sizifuna antibayotiki. Mkodzo ukapezeka ndi mabakiteriya koma munthu sakumva kalikonse, kawirikawiri sufuna kuchizidwa kupatula kwa oyembekezera ndi ena ochepa, agogo ambiri amapatsidwa cipro pa zimenezi C. diff nkubwerera. Koma musafike pokana mankhwala pa matenda enieni, chibayo chimapha. Chofunika ndi kuuza aliyense amene akukulemberani mankhwala, kuphatikizapo dokotala wa mano chifukwa clindamycin amakonda kutulukira kumeneko, ndipo mufunse zitatu: kodi ndi wofunikadi, kodi pali wina wosasesa kwambiri, kodi masiku angachepetsedwe. Kwa amene zinawabwerera kangapo madokotala ena amapereka vancomycin wochepa, 125 mg kamodzi patsiku, pa nthawi yonse imene akumwa antibayotiki winayo ndi masiku ochepa pambuyo pake, umboni wake sunakhwime kwenikweni koma ndi nkhani yoyenera kuikamba.

Kapepala kaja ka mu sitepe 1 musakataye. Kakopereni pa kakhadi kolowa mchikwama, kapena mubuku la kuchipatala la mwana patsamba loyamba, mulembe kuti C. diff, kangati, mwezi ndi chaka cha matenda omaliza, antibayotiki amene anayambitsa, ndi mankhwala amene anathandiza. Mujambulenso ndi foni mutumizire amene amakuperekezani kuchipatala, chifukwa tsiku limene mudzafike mutadwalitsa ndi iyeyo adzayankhe mafunso a namwino.